Minibasi ya Njerwa kwa Anti Esinati

Ndikukumbukira khonde la Anti Esinati bwino kuposa nyumba yomwe ndinabadwiramo. Linali khonde lalitali, lozira ndi dothi lakuda, loyang'ana kum'mawa, ndipo tikamafika linkakhala litasesedwa kale, mizere ya tsache ikuonekabe pabwalo. Mudzi wathu unali pakati pa Chileka ndi Lirangwe, chapatali ndi msewu wa tala, komabe mphepo ikaomba kuchokera kumeneko tinkamva mahutala a minibasi.

Zinali zaka zoyamba za matipate, sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere. Akuluakulu ankasangalala nazo, koma panali chinthu chimodzi chomwe sanachiganizire. Atsikana onse amene ankabereka ana m'mudzi muja anathamangira kusukulu tsiku limodzi, kuphatikizapo achemwali anga amene ankandilera. Azimayi anangozindikira kuti alezi apita. Kumunda kunafunika kupita, kumsika wa Lirangwe kunafunika kupita, ndipo ife a zaka zitatu, zinayi, zisanu tinatsala tikuyendayenda m'mudzi ngati anapiye opanda make.

Anti Esinati sanali achibale athu. Anali mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, wa mwendo umodzi wopuwala kuyambira ali mwana, ndipo ankayenda ndi ndodo ya mlombwa yomwe inali itasalala pogwirira. Khasu linkawavuta, ana awo anali atakula n'kupita ku Bulantaya, choncho nthawi anali nayo. Anayamba ndi kusungirako mnzawo mwana mmodzi pa tsiku la msika. Pofika nthawi yomwe amayi anandipititsako, ndili ndi zaka zisanu, tinalipo ana odzaza mphasa ziwiri. Makolo ankabweretsa ufa wa phala, ena nsinjiro, ena nkhuni. Dzina loti Anti anasankha okha, ati loti aphunzitsi linkawalemera poti sukulu analekezera panjira.

Pachitseko chawo panali katoni yokhomedwa ndi misomali, yojambulidwa mizere isanu ndi makala. Mzere uliwonse unali tsiku, ndipo m'malo mwa mawu ankajambulamo zithunzi kuti nafenso tiziwerenga. Ukaona kang'ombe, unkadziwa kuti lero n'kuumba, ndipo unkapinda malaya usanauzidwe. Ukaona chikho, linali tsiku losankha mbewu: ankatikhuthulira nandolo, nyemba ndi chimanga pamodzi m'lichero, ife n'kumapatula, kuika m'magulu, kuwerenga. Tsiku lina tinkalemba pamchenga ndi zala. Ng'ombe ya Anti inkaoneka ngati galu wodwala, koma palibe amene ankawauza. Lamulungu lililonse masana, akachoka kutchalitchi, ankazula katoni ija, kuipukuta ndi chiguduli, n'kukhala nayo pamwendo nthawi yaitali asanajambule za sabata yotsatira.

Zina sizinkasintha. Tikafika tinkasamba m'manja pa beseni, mmodzi kuthirira mnzake ndi kapu. Kenako pemphero, kenako mayina. Dzuwa likakwera tinkamwa phala la nsinjiro lomwe ankaliziziritsa m'mbale zathu pa khonde, ndipo tikatha tinkagona pamphasa, ofuna ndi osafuna omwe. Chinthu chokha chomwe chinkaphwanya dongosolo limeneli chinali ndege. Ikamatsika kupita ku Chileka, kaya tili pakati pa pemphero, tonse tinkadzambatuka kupita pabwalo kukaibayibitsa. Anti anayesa kutiletsa masiku oyamba, kenako anagonja. Ankangodikira kuti phokoso lithe, n'kufunsa kuti yalowera mbali iti, kudzanja lodyera kapena linalo. Ambiri a ife tinaphunzira kumanja ndi kumanzere chifukwa cha ndege zimenezo.

Ine ndinkakonda zonse kupatula nthawi ya mayina. Ndinali wachibwibwi. Mawu ankabwera bwinobwino m'mutu, koma akafika pakamwa ankakakamira ngati ngolo m'matope. Mwatsoka, dzina langa ndi Tiyamike, ndipo chilembo choyambirira chija ndicho chinkandivuta koposa. Mwana aliyense ankaimirira n'kunena kuti ndine uje. Ikafika nthawi yanga, ndinkaimirira, kugwira diresi, n'kuyamba kuti ti-ti-ti, nsagwada zitauma, maso atatong'oka. Anzanga sankaseka mwankhanza ayi, ankangoseka monga amachitira ana, koma pasanathe sabata ndinali nditasanduka Tititi. Kunyumba nako sikunali bwino. Ababa anali telala pa khonde la sitolo ina pa Lirangwe, munthu wachangu, wosakonda ulusi wolendewera. Ndikayamba kulankhula ankandimalizira mawu, nthawi zina molakwika, ndipo ine ndinkangovomera kuti nkhani ithe. Ndinadya zinthu zambiri zomwe sindinapemphe.

Tsiku lina m'mawa amayi atandisiya pa mpanda, sindinalowe. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya Anti, kumene kunali kamunda ka nandolo, n'kukhala pansi pafupi ndi mbuzi yawo yomwe ankaimangirira pa chitsa. Ndikukumbukira fungo la masamba a nandolo onyowa ndi mame, ndi nyerere zomwe zinkandikwera m'miyendo. Ndinkamva anzanga akutchula mayina awo mmodzimmodzi, ndipo mtima unali m'malo poti wanga sufika. Mbuzi ija inayamba kutafuna lamba wa diresi yanga, ndipo ndinaikalipira ndi mawu a amayi, kuiuza kuti ilibe mwambo, kuti sopo wakwera mtengo, kuti kwawo sanailange. Ndinaikalipira nthawi yaitali, poti inali kumvetsera bwino.

Nditatembenuka ndinaona Anti ataima pa ngodya ya nyumba, atatsamira ndodo. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Ndinayembekezera kukalipiridwa, koma anangoti, "Mbuzi yamva. Tiye ukasambe m'manja."

M'mawa mwake nthawi ya mayina inasintha. Anti anati kuyambira lero sitizinena mayina, tiziimba. Iwo ankaomba m'manja n'kufunsa moimba kuti wabwera ndani, ndipo mwana ankayankha moimbanso, ena onse akuomba. Anayambira mbali ina ya mphasa kuti nyimbo ifike kwa ine itatentha kale. Itandifika, dzina langa linatuluka lonse lathunthu, losalala, moti ndinadzidzimuka n'kugwira pakamwa. Anti sanandiyamikire kapena kundiyang'ana mwapadera. Anangopitirira kwa wotsatira ngati kuti palibe chachitika, ndipo chifukwa cha zimenezo anzanga nawonso sanazindikire kanthu.

Kukhonde kuja zinthu zinayamba kupepuka, koma kunyumba ndinali yemwe uja. Ndiye kunabwera azakhali, alongo awo a ababa, kudzacheza masiku angapo. Anali mayi wodziwa mankhwala a vuto lililonse, ngakhale lomwe sunawafunse. Masana ena tikuswa mtedza pabwalo, anandifunsa dzina la mnzanga wapamtima, ndipo ndinakakamira pomwepo mpaka misozi. Anandigwira chibwano, kunditsegula pakamwa, n'kuyang'ana pansi pa lilime ngati akusankha nkhuku pamsika. Anauza ababa kuti lilime langa ndi lomangika, ndipo kwawo kuli bambo wina amene amadula kamtsempha ka pansi pake ndi lezala, mwana n'kuyamba kulankhula ngati wailesi. Amayi anayesa kutsutsa, koma mawu awo anali ochepa pamaso pa mlamu wawo. Ababa anati Loweruka la sabata yamawa adzanditenga pa njinga. Ankakamba zonsezi ine ndili pomwepo, ngati kuti wachibwibwi amakhalanso wogontha.

Ababa sanali munthu wankhanza. Ankaopa kuti chaka chotsatira ndikalowa sitandade wanu, m'kalasi ya ana osawerengeka pansi pa mtengo, ndikamira osaonekanso. Izi ndazimvetsa nditakula. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa lezala lomwe ankasosolera ulusi, ndipo ndinkayenda chala chili m'kamwa, ndikupapasa kamtsempha kaja.

Amayi anakauza Anti. Lamulungu masana tinawaona Anti akubwera m'kanjira ka kwathu, ndodo patsogolo, mwendo pambuyo, akupumira pa mtengo uliwonse. Sankayenda mtunda wotero kawirikawiri. Amayi anawayalira mphasa, moni unatenga nthawi yake yonse, kenako anayamba nkhani. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo a Tiyamike, ndamva za ulendo wa Loweruka. Mwana ndi wanu, ine sindingakuletseni. Koma lilime la mwanayu lilibe vuto. Ndamumvapo akukalipira mbuzi mpaka mbuzi kuchita manyazi."

"Mayi, mbuzi siilemba mayeso," anatero ababa. "Komanso musandimve molakwa, timathokoza potisungira ana. Koma kwanu kuja amangosewera. Dongo, nyemba, kuimba. Ine ndimafuna mwana wolankhula ndi anthu."

"Ndiye bwerani Lachisanu m'mawa, musanapite ku Lirangwe. Mudzaime chapatali, asakuoneni. Mukadzaona kuti n'zachabe, Loweruka lilipobe."

Ababa anavomera, ndikuganiza chifukwa cha manyazi poona mtunda womwe mayiyu anayenda.

Lolemba titafika tinapeza katoni ya pachitseko yasintha. Kang'ombe kanalibepo, chikho chinalibepo. Mizere yonse isanu inali ndi chinthu chimodzi, bokosi la mawilo lomwe tinagwirizana kuti ndi minibasi. Tsiku limenelo tinatuta njerwa zotsala pa uvuni wakale wa kuseri, awiriawiri pa njerwa imodzi, n'kuzindandalika pabwalo m'mizere, mpata wodutsa pambali. Anti ankatifunsa kuti mipando yakwana ingati, yakutsogolo ndi iti, tikachotsa umodzi itsala ingati. Chivundikiro cha poto chinakhala chiwongolero. Lachiwiri tinaphunzira masiteji, ndipo aliyense ankatchula komwe anapitako kapena komwe anangomva: Lirangwe, Lunzu, Chileka, tauni. Anti analemba pamchenga chilembo choyamba cha Lirangwe, natiuza kuti Lunzu akubwereka chilembo chomwecho. Lachitatu tinaumba katundu wa apaulendo, timatumba ta chimanga ndi nkhuku zadongo, ndipo mnyamata wina anaumba njinga yomwe inakana kuima.

Lachinayi anagawa ntchito. Udalaivala anaupereka kwa mnyamata wamkulu pa tonse, amene ankadziwa kuliza injini ndi milomo mpaka malovu kuuluka. Kenako anati kondakitala akhala Tiyamike. Anyamata anadandaula kuti mtsikana sakhala kondakitala, koma Anti anayankha kuti minibasi ndi yawo, alemba ntchito amene akufuna. Anandiika pa khomo, nandionetsa kuti woitanira salankhula ngati munthu wopempha madzi. Amakoka mawu, amawaponya kutali, dzanja likumenya chitseko. Anandipatsa chitini kuti ndizimenya. Mawu aja ndinkawadziwa kale, poti ndinali nditawamva pa siteji masiku amene amayi ankanditenga kumsika. Ndinangofunika chilolezo. Tsiku limenelo ndinaitanira mpaka mawu kusasa, ndipo phala ndinamwa nditaimirira kuopa kuti wina anditengera malo.

Za Lachisanu ndinali nditaiwala, kapena ndinadziiwalitsa. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, ine ndili pa khomo, mwendo umodzi panja monga amachitira eni ntchito, ndikukuwa kuti, "Lirangwe, Lunzu, tauni! Mmodzi yekha tinyamuke! Amayi a nkhuku sunthirani mkati!" Ndikumenya chitini chija ndinaona njinga itatsamira mtengo wa mango, ndipo pambali pake panali ababa, atavala buluku lawo lositidwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali atasiya kubisala. Ankabwera.

Ndinasiya kumenya chitini. Anafika pa khomo la minibasi n'kuima, wamtali kuposa denga lomwe kunalibe. Ana onse anatembenukira kwa iwo, ndipo injini inazima.

"Malo alipo, akondakitala?" anafunsa.

Ndinayang'ana Anti. Anali atakhala pa mpando wawo pakhonde, akusankha nyemba, osandiyang'ana n'komwe. Ndinamenya chitini kamodzi, ndipo mawu anatsatira dzanja. "Alipo, kwerani achikulire. Kumbuyo uko."

Ababa anawerama ngati akulowa pa chitseko chenicheni, anadutsa pakati pa mizere, nakhala pa njerwa ya kumbuyo, mawondo atafika m'makutu, mwana wina atawapatsira nkhuku yadongo kuti amunyamulire. Dalaivala analiza injini ndipo tinanyamuka. Tinagwedezeka m'mabampu, tinapendekera pokhota, tinatsitsa anthu awiri pa Lunzu ngakhale kuti sikunali kunjira kwake. Kenako ndinayenera kulengeza kuti tafika pa Lirangwe, pomwe ababa amatsikira. Ndinatembenuka, ndinakumana nawo maso, ndipo nyimbo ija inandithawa. Ndinayamba kuti ta-ta-ta, nsagwada n'kuuma monga kale.

Ndinaona milomo ya ababa ikutseguka kuti andimalizire. Pomwepo Anti anagogoda pansi ndi ndodo, kamodzi kokha, mosakweza. Ababa anawayang'ana, natseka pakamwa. Anakhala pa njerwa paja, nkhuku yadongo ili m'manja, akudikira. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinali ngati ulendo wapansi wopita ku Lunzu. Koma palibe anayankhula, palibe anaseka, ndipo pamapeto pake mawu anatuluka okha: "Tafika, ababa."

"Zikomo, mwatiyendetsa bwino," anatero, natsika.

Anapita pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi Anti, ndipo anakambirana kanthawi motsitsa mawu. Amayi anadzandiuza patapita zaka zomwe Anti ananena: kuti chibwibwi mwina sichidzatha, koma mwanayu asamamalizidwire mawu, asamauzidwe kuti fulumira kapena yambiranso, ndipo akamalankhula azimuyang'ana kumaso, osati pakamwa. Ababa anakwera njinga kupita kuntchito kumbuyo kwa buluku kuli chidindo chofiira cha njerwa, ndipo palibe analimba mtima kuwauza. Akuti anayeza makasitomala tsiku lonse ali choncho.

Loweruka linafika, ndipo ababa analawirira ku Lirangwe okha monga mwa masiku onse. Za lezala sizinatchulidwenso. Azakhali atamva anakhumudwa, nati anthu a masiku ano amamvera alendo kuposa abale awo, ndipo anatha miyezi osabwera. Patapita nthawi amayi ananditengera kuchipatala ndi chifuwa, napezerapo mwayi wofunsa za lilime. Adokotala analiyang'ana n'kunena kuti lili bwinobwino. Kunyumba ababa anavutika kusiya chizolowezi chawo. Nthawi zina ndinkawaona akumeza mawu anga omwe anali atafika kale pamilomo pawo, akugwira tebulo ngati munthu wopirira jekeseni. Koma anaphunzira, ndipo sabata itatha anatumiza kwa Anti thumba la zidutswa za nsalu kuti ana azipangira zidole.

Chibwibwi sichinathe. Ndili nacho mpaka lero, makamaka ndikatopa kapena ndikamalankhula pa foni. Koma sitandade wanu ndinalowa ndikudziwa kuti mawu anga amafika ngakhale achedwe, ndipo sindinamire. Lero ndimakhala ku Bulantaya, ndimagulitsa nsalu, ndipo ndimalankhula ndi anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Zinthu zasintha. Mwana wanga wa zaka zinayi amapita ku sukulu ya mkaka ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Ali ndi yunifolomu, chikwama chachikulu kuposa msana wake, ndi ntchito yokalembera kunyumba. Kumayambiriro kwa teremu amatipatsa pepala lotayipa losonyeza zomwe ana aphunzire sabata iliyonse mpaka kutsekera. Ndi pepala labwino, ndipo aphunzitsi ake ndi atsikana akhama amene anapita kumaphunziro a ntchitoyo, zomwe kale kunalibe. Sindinyoza. Ana athu akudziwa zinthu zomwe ife tinazidziwa tili sitandade fili.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndipo ndinakawaona Anti Esinati. Akalamba kwambiri, maso achita khungu pang'ono, ndipo ana anasiya kusunga kalekale. Ndinawakumbutsa za sabata ya minibasi, ndikuyembekezera kuti tilira limodzi. Anaganiza, anaganiza, kenako anaseka n'kunena kuti sakukumbuka. Ana anadutsa pakhonde paja ndi ambiri, anatero, ndipo aliyense anali ndi sabata yake. Kenako anafunsa za mwana wanga. Ndinayamba kuwafotokozera monyadira kuti amawerenga mpaka makumi awiri m'Chingerezi, amadziwa mitundu, analandira nyenyezi pa kope lake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zabwino zimenezo," anatero. "Nanga mukamusiya yekha, amachita chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo ulendo uno sichinali chibwibwi chomwe chinandigwira. Sindinkadziwa. Ndinabwerera ku tauni funso lija likundilemera. Loweruka lotsatira sindinatsegule shopu m'mawa. Ndinakhala pakhomo ndi kapu ya tiyi, foni ndinaisiya m'nyumba, n'kumangomuyang'ana mwana wanga. Anatenga mabotolo atatu opanda kanthu ndi beseni la madzi, nayamba kuthira madzi kuchoka m'botolo lina kupita m'linzake, akuyankhula yekha motsitsa, akudabwa kuti madzi odzaza botolo laling'ono akulephera kudzaza lalikulu. Anachita zimenezo mpaka tiyi wanga kuzizira, ndipo ine sindinamuitane.